Ku Karonga anthu ankagona panja nyumba zili pomwepo

Mukafunsa munthu wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti ngozi zogwa mwadzidzidzi kwathu kuno ndi ziti, akutchulirani madzi osefukira a ku Nsanje ndi Chikwawa, napolo wa ku Phalombe wa 1991, namondwe wa Freddy, mwinanso njala. Chivomezi sachiwerengera n'komwe, amati zimenezo ndi za ku Japan zoonera pa TV. Ine ndikamva zimenezi pakamwa pamandiyabwa ndipo anzanga anatopa nane kale, koma nanga nditani poti Karonga ndinaiona ndi maso angawa mu Januwale 2010, patangopita masabata ochepa nthaka itagwedeza tauni ija mobwerezabwereza.

Sikuti ndinapita kukaona chivomezi ayi. Nthawi imeneyo ndinkachita geni ya zitenje ndi nsapato, kukapikula ku Kyela kutsidya kwa Songwe, ndiye njira yake ndi yomweyo ya M1, kaya ufune kaya usafune ku Karonga udutsako basi. Pa wailesi tinali titamva ndithu. Choyamba chinagwedeza pa 6 Disembala 2009, cha mphamvu ya 5.8 pa sikelo yoyezera zivomezi, kenako pa 8 china cha 5.9 chimene chinapha mwana wamng'ono, pa 12 chinanso, ndiye chachikulu cha 6.0 chinabwera usiku wa pa 19 kuchera pa 20, anthu ali mtulo. Onse amene anamwalira anali 4, ovulala ambirimbiri, nyumba masauzande zogumuka ndi zong'aluka, mpaka pulezidenti Bingu wa Mutharika analengeza kuti ku Karonga kwagwa ngozi yofunika thandizo lapadera. Koma zinthu za pa wailesi mumazidziwa, umamva ukutsuka mbale, n'kunena kuti ogo, kenako nyimbo yalowa.

Ndinanyamuka ku Lilongwe ndi basi ya usiku, ku Mzuzu tinafika kukucha kuli kachisanu kaja ka kumeneko ndi mvula yowaza. Pa depoti ndinakwera ina yopita ku Karonga, imene kondakitala ankalumbira kuti ikunyamuka pompano, pompano yake inatha dzuwa litakwera. Munali thothotho, matumba a ufa pansi pa mipando, anthu oimirira pakati, ndipo chimene ndinaona chachilendo ndi choti ambiri ananyamula malona ndi mapepala apulasitiki akuda opindapinda. Mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi anali ndi maneti a udzudzu mu chikwama cha Ghana chija, akuti akupititsira makolo ake.

Tisanafike ndi pa Ekwendeni pomwe mlaliki anali ataimirira kale, ndipo mutu wake simungafunse, masiku otsiriza. Anthu anamumvera, ena kuponya ma K20, koma atangokhala pansi mtsutso weniweni unayamba. Bambo wina wa chipewa anati palibe za masiku otsiriza apa, vuto ndi mgodi wa uranium wa ku Kayelekera umene unali utangotsegulidwa mu 2009, chaka chomwecho cha zivomezi, akuti nanga mukumba pansi n'kumaphulitsa miyala mukuyembekeza chani. Ambiri anavomereza, eya eya. Mnyamata wina kumbuyo anati iye wamva kuti kukubwera chiphalaphala cha moto kuchokera ku mapiri a Rungwe ku Tanzania, gogo wina anati nyanja yakwiya. Zinkayankhulidwa m'Chitumbuka, Chingonde ndi Chichewa mosakaniza moti zina zinkandidutsa, mayi wa maneti uja ndiye ankandimasulira kwinaku akuseka.

Za mgodi zija ine sindinazikhulupirire ndipo mpaka lero sindizikhulupirira, ngakhale ndikumvetsa chifukwa chake anthu ankaganiza choncho, chinthu chachilendo chafika kenako tsoka lachilendo lafikanso, mutu umalumikiza wokha. Koma zivomezi m'chigawo chimenechi zinayamba kale mgodi usanalotedwe n'komwe. Mu 1910 ku Rukwa, kumpoto pang'ono ku Tanzania, kunachitika cha mphamvu yoposa 7, china mwa zikuluzikulu zimene Africa inaonapo.

Yankho lenileni umaliona pa windo basi ikafika pa Chiweta. Amene munadutsapo mukudziwa, mukapitirira Phwezi ndi mgodi wa malasha wa Mchenga msewu umayamba kutsetsereka mokhotakhota, mabuleki kununkha, anyani atakhala m'mbali mwa msewu kudikira zotaya, aliyense m'basi zii kupemphera chamumtima, kenako mwadzidzidzi nyanja ija imaonekera pansi penipeni, ndipo tsidya linalo kukakhala kowala mumaona mapiri a Livingstone ataima chilili m'madzi. Kukongola kumeneko ndi kumene kuli vuto. Nyanja ya Malawi yakhala m'chigwa chimene chinapangika chifukwa nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, mbali iyi kukokera uku inayo kukokera uko, mamilimita ochepa pa chaka, ndipo pakati pamatitimira. Phiri limene basi ikutsikalo ndi m'mphepete mwa mng'alu. Miyala ya pansi imakanirira zaka zambiri kenako tsiku lina imaterereka kamodzi, ndiye chivomezi chimenecho. Akatswiri amene anadzafufuza pambuyo pake anapeza kuti za ku Karonga sizinachokere ku mng'alu waukulu wa tsidya la Tanzania uja ayi, koma ku ming'alu ing'onoing'ono ya pansi pa chigwa cha Karonga chenichenicho, ndiponso pafupi kwambiri ndi pamwamba, osafika makilomita 10 kuya kwake. N'chifukwa chake 6.0 yokha inawononga chonchija.

Pa Chitimba panalibe kanthu, pa rodibuloko ya Chilumba anatitsitsa kusecha katundu monga mwa masiku onse, pa Uliwa anthu akugulitsa nsomba ndi mango ngati palibe chachitika. Kutentha kunali kutayamba, kwa Karonga kuja kokuchititsa thukuta ngakhale kuli mitambo. Ndinayamba kuganiza kuti mwina a wailesi anakokomeza. Titapitirira Ngara ndi Nyungwe, kuyandikira ku boma, macheza m'basi anayamba kuchepa okha popanda wowaletsa.

Ndinkayembekeza kuona mabwinja okhaokha, zonse zili pansi. Sizinali choncho. Nyumba zambiri zinali chiimire, malata ali pamwamba bwinobwino, zitseko zotseka, koma ukayang'anitsitsa khoma la m'mbali lija losongoka pamwamba, gebulo, lagwa lonse, njerwa zili mbwee pansi. Nyumba ina m'mbali mwa msewu khoma lonse la kuchipinda linachoka moti tinkaona mkati, kalendala ili pakhoma, hang'ala ili pa msomali, katani ikuuluzika. Zina zinali ndi mng'alu wochokera pa kona ya windo kutsetsereka chopingasa mpaka pansi, woti dzanja kulowa. Ndipo pabwalo pa nyumba iliyonse panali tenti kapena lona la buluu, kapena kachisakasa ka mapepala akuda aja, anthu akuphika panja, mipando ya pa balaza ili pansi pa mtengo wa mango.

Pali kenakake kochititsa manyazi kuyang'ana tsoka la anzako uli pa mpando wa basi, mutu uli pa windo. Mnyamata wa chiphalaphala uja anatulutsa foni kuti ajambule, mayi wa maneti anamudzudzula, "Iwe, kwanu kulibe maliro?" Anaibweza m'thumba.

Ndinatsikira pa depoti pafupi ndi raundi ija. Tauni inali ikuyenda, msika wotsegula, njinga za kabaza mbwee poti Karonga ndi kwawo kwa njinga, malo ake ndi athyathyathya. Dongosolo langa linali lopitirira tsiku lomwelo koma tinafika mochedwa, ndiye ndinaimbira mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, anakwatiwa kumeneko. Anangoti, "Bwera asisi, koma ugona panja, usadzanene kuti sindinakuuze."

Nyumba yawo inali yabwino ndithu, ya njerwa zootcha, pulasitala mkati ndi kunja, penti ya kirimu, imene amuna ake anamanga ndi ndalama za mpunga wa Kilombero zaka zingapo. Sinagwe. Koma makoma awiri anasiyana pa kona moti ukaima kuchipinda kwa ana umaona kunja. Masana ankalowamo mothamanga kukatenga chinthu n'kutuluka, usiku ayi. Bedi lawo lalikulu analitulutsa n'kuliika pansi pa lona lomangirira ku mtengo, neti atakoleka pa nthambi, miyendo ya bedi ataikhazika pa njerwa zomwe zinagwa zija kuti madzi a mvula azidutsa pansi. Ana ankagona mu tenti imene analandira. Kumbukirani kuti iyi ndi Januwale, mvula ili pakati, udzudzu wa ku nyanja uli pa ntchito, ndipo mwana wawo wamng'ono anali atangochira malungo.

Tinadya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe zija, titakhala pa mkeka, ndipo mlamu wangayo ndi amene anandifotokozera za usiku wa pa 20. Akuti chimayamba ndi phokoso, osati kugwedeza, chimamveka ngati thiraki yodzadza miyala ikubwera chapansipansi kulunjika pa nyumba yako, agalu n'kuyamba kulira, kenako malata kuchita phokoso, mbale kugwa, ndipo ukafuna kuthawa miyendo siponda pamene ukufuna. Chimene chinapulumutsa anthu ambiri, iwo akuti, ndi zivomezi zoyamba zija. Pofika pa 19 anthu ochuluka anali atayamba kale kugona panja chifukwa cha mantha, ndiye chachikulu chija chinapeza nyumba zambiri mulibe anthu. Amene anavulala ambiri ndi omwe anali atatopa ndi mvula ndi udzudzu n'kubwerera m'nyumba poganiza kuti zatha. Chikanayamba ndi cha 6.0 chija pa 1 koloko usiku aliyense ali mkati, bwenzi tikukamba nambala ina.

Pa tebulo laling'ono pafupi ndi bedi mnzanga anaimika botolo la Fanta chozondotsa, kukamwa kwake kuli pansi, pa mbale yachitsulo. Ndinafunsa kuti nanga ichi. Akuti ndi alamu, nthaka ikangoyamba pang'ono botolo limagwa n'kuliza mbale. Ndinaseka. Pakati pa usiku linagwadi, ngwee, ndipo ndisanadziwe n'komwe kuti ndili kuti anthu onse anali ataimirira, ana ali m'manja, kwa aneba kukumveka mayi akuitana Yesu. Kugwedeza kwake kunali kochepa, mwina masekondi angapo, pansi pa mkeka panangochita ngati pasuntha n'kubwerera. Iwo anayang'anana, mlamu anati "kameneka n'kakang'ono," anaimikanso botolo n'kugona. Ine ndinakhala maso mpaka tambala.

M'mawa mlamu ananditengera kukaona pamene nthaka inang'ambika, chakumadzulo kwa tauni, dera la kufupi ndi St Mary's, ndipo pambuyo pake ndinadzamva kuti akatswiri anautcha mng'aluwo dzina lomwelo. Sunali chidzenje chomeza anthu ngati za m'mafilimu, unali mzere wautali wodutsa m'minda, mbali imodzi yatsika pang'ono kusiyana ndi inzake, mvula itayamba kale kuukwirira. Ankanenanso kuti m'malo ena a kufupi ndi madzi pansi panatuluka mchenga ndi madzi. Zimenezi zimachitikadi, dothi la mchenga lonyowa likagwedezeka kwambiri limafewa n'kusiya kunyamula chimene chili pamwamba pake, ndipo Karonga yakhala pa dothi lotere, lobwera ndi mtsinje wa North Rukuru ndi nyanja.

Koma chimene chinandikhala m'mutu kwambiri si mng'aluwo. Pobwerera tinadutsa pa mudzi wina pomwe nyumba ya njerwa zootcha inagwa mbali yonse, ndipo pambali pake penipeni kanyumba ka nsungwi ndi mitengo, kopaka dothi, kofolera ndi udzu, kali chilili osang'aluka paliponse podetsa nkhawa. Banja lonse linali litasamukira m'menemo, m'kanyumba kamene kale ankasungiramo makasu. Panali bambo wina wachikulire, mmisiri womanga, akusankha njerwa zabwino pa mulu, ndipo mlamu atamupatsa moni wa Chingonde tinaima kucheza.

Anatola njerwa imodzi n'kundipatsa. "Taonani mayi, yoyera bwanji. Simenti ili kuti apa?" Inalidi yoyera, yopanda chomatirira, dothi lake linangoyoyoka ndi chala. Akuti nyumba zambiri zinamangidwa choncho, njerwa zootcha koma zomangira matope, kenako pulasitala wa simenti kunja kuti izioneka ya pa tauni. Bimu yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo palibe, mwina kalintala kakang'ono pa chitseko basi, waya wa burikifosi palibe, makoma a njerwa imodzi yogoneka m'litali kuti njerwa zisathe zambiri, pa kona njerwa zosalumana bwino, mawindo akuluakulu oyandikana ndi kona, ndiye gebulo kumtunda kuja yangoima yokha popanda chogwira. Nthaka ikagwedeza khoma lililonse limapita kwake. Pamene ya nsungwi ija ndi yomangamanga ndi luzi, imapendama n'kubwerera, ndipo ngakhale itagwa sikupha munthu.

Ndinamufunsa kuti nanga inu amisiri bwanji mumamanga choncho. Anaseka, "Mayi, mwini nyumba akabwera ndi matumba 10 a simenti n'kunena kuti nyumba ya zipinda zitatu ithe, ine ndikane ntchito? Ana anga adya chani?" Ndiye apa ndi pamene nkhani imavutira, chifukwa n'zosavuta kunena kuti anthu abwerere ku nyumba za makolo, koma palibe amene anagulitsa mpunga zaka zisanu kuti akagone m'nyumba ya nsungwi, ndipo ine sindingamuuze munthu zimenezo pamene ndekha ndimafuna ya malata. Nyumba ya njerwa ndi ulemu, ndi umboni woti unagwira ntchito. Chimene chinalakwika ndi choti tinatenga maonekedwe a nyumba yamakono n'kusiya zimene zimaigwira, chifukwa zimenezo ndi zodula komanso sizioneka. Bimu ikapakidwa pulasitala ndani amaiyamikira? Koma matailosi ndi penti aliyense wodutsa amaona.

Madandaulo a thandizo nawo analipo, monga zimakhalira. Ena akuti olemba maina anawadumpha, a lendi akuti analemba eni nyumba pamene ogona panja ndi iwo, wina tenti walandira koma mnzake wa nyumba yogwa kwambiri sanalandire. Ndiye masiku omwewo, pa 12 Januwale, chivomezi cha 7.0 chinagwetsa Port-au-Prince ku Haiti n'kupha anthu oposa 100,000, ndipo dziko lonse linatembenukira kumeneko, moyenereradi. Ku Karonga ankamvera nkhaniyo pa wailesi ali mu matenti. Mnzanga anati iye atamva analira, kenako n'kuganiza kuti basi ife atiiwala. Kuchoka pa 6 kufika pa 7 kumaoneka ngati sitepe imodzi koma mphamvu yake imachuluka maulendo pafupifupi 32.

Ndisanakwere minibasi ndinadutsa pa nyumba ya chikhalidwe ndi zinthu zakale ija imene inatsegulidwa mu 2004, momwe muli mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chakale chija chimene anachifukula m'boma lomweli. Ku Uraha kufupi ndi Chilumba anapezanso chibwano cha munthu wakalekale cha zaka zoposa 2 miliyoni. Mafupa amenewa amapezeka kumeneko chifukwa cha kung'ambika komweku, nthaka kutitimira n'kukwirira zinthu kenako kutukuka n'kuzivundukula. Sindinakhalitsemo, kunena zoona ndinkangoyang'ana kudenga.

Anthu a kumwera ndi pakati amaganiza kuti iyi ndi nkhani ya ku Karonga. Chigwa chimenechi chatsika ndi nyanja yonse mpaka ku Shire. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chinagwedeza Salima n'kupha anthu 9, masauzande kusowa pogona, ndipo Salima ndi pakhomo pa Lilongwe. Mu Malichi 2018 chinagwedeza ku Nsanje. Pambuyo pa Karonga boma ndi mabungwe anatulutsa malangizo a kamangidwe kotetezeka, amisiri ena anaphunzitsidwa, nyumba zachitsanzo zinamangidwa, zonsezo zabwino. Koma yendani ku Mtandire, kwa Chinsapo, ku Ndirande kapena Mbayani muone mmene tikumangira, njerwa ndi matope, khoma lopyapyala, ena mpaka m'mbali mwa phiri, ndipo anthu ake ndi ochuluka kuposa Karonga kutalitali komanso palibe bwalo loti uthawirepo. Ine pomanga kanyumba kanga ndinakangana ndi mmisiri pa nkhani ya bimu, iye akuti mayi mukuononga ndalama nyumba yopanda chipinda chapamwamba, ndinamuuza kuti ndalama ndi zanga. Inandichedwetsa kufolera chaka chathunthu ndipo matailosi mulibe mpaka pano.

Kuchoka pa Karonga kupita pa Songwe ndi makilomita pafupifupi 45, ndipo mbali imeneyo malona anali ochulukanso, kudutsa ku Kaporo konse. Minibasi inkaima paliponse. M'madimba a mpunga anthu anali ataweramira kuwokera, chifukwa mvula sidikira kuti nyumba ithe kaye, ukaphonya Januwale waphonya chaka. Pamalo ena bambo ndi ana ake anali atayamba kale kudzutsa khoma, njerwa zake zomwe zija zogwa, mwana akuponda matope pambali. Mnyamata amene anakhala kutsogolo anatulutsa mutu pa windo n'kukuwa kuti, "Ada, mwayambanso matope?" Bamboyo anayankha osatembenuka n'komwe, dalaivala ndi amene anatimasulira uku akusintha giya, akuti mugule simenti ndinu mubweretse.